Malenzi Awiri, Ndalama za Imodzi

Atate anga anamwalira ine ndili ndi zaka 23, ndipo cithunzi cokha cimene anatisiyira ndi kaja ka pa citupa cao ca boma, kosaposa citampa ca pa kalata. Adzukulu ao akandifunsa kuti agogo anali otani, ndimatulutsa kacithunziko, iwo nayang'ana, nangokhala cete mwaulemu. Munthu amene ali pamenepo ndi wouma nkhope, wocita mantha ndi kamera, pamene atate amene ine ndinawadziwa anali munthu woseka mpaka kugwetsa misozi. Nkhani ya mwezi uno, okondedwa awerengi, yacokera pamenepo, ngakhale kuti ikamba za magalasi ndi manambala.

Amai akali moyo, ndipo apitirira zaka 80. Pamene mwana wanga wamkazi anayamba kukonzekera ukwati wake, ndinatsimikiza mumtima kuti amai sadzatisiya monga anatisiyira atate. Mwana wa mlongo wanga, amene ajambula zithunzi pa maukwati ku Lusaka, anamva za maganizo angawo nandipatsa kamera yake yakale, Canon EOS 6D, mtundu umene unatuluka m'caka ca 2012. Anaipereka yopanda lenzi, pakuti malenzi ake onse anali kuwagwiritsabe nchito. Tsono kamera yopanda lenzi ndi mpini wopanda khasu.

"Amalume," anatero mnyamatayo, "kamera iyi ndi ya full-frame, musaigulire lenzi mwacisawawa." Nditamufunsa tanthauzo lake, anati sensa, kanthu kaja kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Apo ndinamva msanga, cifukwa umenewo ndiwo muyeso wa cithunzi cimodzi pa filimu ija tinali kugula kale, ya zithunzi 36, muyeso umene kamera ya Leica inauwanditsa kuyambira m'caka ca 1925. Conco manambala olembedwa pa lenzi atanthauza cimodzimodzi monga anali kutanthauzira masiku a filimu. Makamera a sensa yocepa amadula m'mbali mwa cithunzi, koma iyi ai.

Malenzi amene anandiikira pamaso anali awiri, onse ogwirapo kale nchito, onse a zumu, ndiko kunena kuti ukapotoza mphete yake cinthu cimayandikira kapena kutalikira iwe uli ciimire. (Lenzi yoyamba yotere ya makamera a filimu ya 35mm inali Voigtländer Zoomar ya m'caka ca 1959. Atate pa nthawiyo anali mnyamata.) Yoyamba inali 24-70mm f/2.8, mtundu wa 2012. Yaciwiri inali 24-105mm f/4, mtundu wa 2005. Ndalama zimene ndinali nazo, zotsala pa cimanga cimene tinagulitsa, zinali zokwanira yaciwiriyo n'kutsalako pang'ono. Kuti ndigule yoyamba ndikadayenera kugulitsa ng'ombe imodzi, ndipo amai akunyumba atamva zimenezo anangondiyang'ana osanena kanthu, mayang'anidwe amene mwamuna aliyense wokwatira awadziwa.

Manambalawa ndi osavuta ukawazolowera. Awiri oyamba anena za kukula kwa malo amene lenzi iona. Pa 24 iona dera lalikulu, madigiri 84 kucokera pa ngodya ina ya cithunzi kufika pa inzake, kotero kuti mbumba yonse ilowa m'cithunzi cimodzi ngakhale m'cipinda copanikiza. Apa malenzi awiriwa alingana. Asiyana kumapeto: ina ilekeza pa 70, ina ipitirira mpaka pa 105, pamene nkhope ya munthu imaoneka yaikulu kamodzi ndi theka kuposa pa 70.

Nambala ya pambuyo pa cilembo ca f ndiyo inandizunguza mutu masiku angapo, cifukwa imayenda cobwerera: ikacepa, kuwala kumaculuka. Inena za cibowo colowera kuwala. Ukagawa 70 ndi 2.8 upeza cibowo ca mamilimita 25. Ukagawa 70 ndi 4 upeza 17.5 cabe. Cibowo coyambaco cilowetsa kuwala kowirikiza kawiri. Pa dzuwa la masana kusiyana kumeneku kulibe nchito. Koma ukwati sucitikira pabwalo. Chalichi cathu cili ndi mazenera ang'onoang'ono ndi denga la malata akuda ndi ukalamba, ndipo tonse tikumbukira caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, mmene magetsi anali kuzimira pafupifupi tsiku lonse. Wodalira magetsi pa tsiku la ukwati adziikira yekha msampha. Fulashi nayo sindiikonda pa Misa. Imacititsa anthu kuphethira ndi kuceukira wojambula, pamene maso ao ayenera kukhala kwina.

Yaciwiri ija ili ndi cake cimene yoyamba ilibe. M'kati mwake muli kagalasi kamene kamayendayenda kulimbana ndi kunjenjemera kwa manja, ndipo manja a munthu wa msinkhu wanga sali monga anali. Iposanso kupepuka: magalamu 670, pamene inzake ndi 805. Wina anganene kuti magalamu 135 si kanthu. Aunyamule m'khosi kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa, kapena apalase nao njinga makilomita khumi, ndipo tidzakambirane bwino.

Ndinakhala milungu iwiri ndikusinthasintha maganizo. Usiku ndigona nditasankha yoyamba, m'mawa ndidzuka ndikufuna yaciwiri. Akulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Potsiriza mnyamata uja anatopa ndi mafoni anga, nabwereka malenzi onse awiri kwa mwini wake, nakwera basi kubwera nao kumudzi kuti ndiyese ndekha.

Tinayamba m'chalichi Loweruka madzulo, pamene atsikana ovina patsogolo pa zopereka anali kuyeseza. Ndi lenzi ya f/4, citseko ca kamera cinayenera kukhala cotseguka gawo limodzi la magawo 60 a sekondi. Makoma, mabenchi ndi maluwa zinatuluka bwino lomwe, koma manja a atsikanawo anaoneka ngati utsi. Pamenepo ndinaphunzira cinthu cimene wogulitsa saacedwa kuiwala kukuuza: kagalasi koletsa kunjenjemera kaja kamathandiza manja a wojambula, koma sikangaimitse mwana amene ali kuvina. Ndi lenzi ya f/2.8 nthawi ija inafupika ndi theka, kufika gawo limodzi la magawo 125, ndipo manja anaoneka ngati manja. Zakumbuyo nazo zinasungunuka mokongola, nkhope n'kutsala yokha poyera. Ndinaona ng'ombe yanga ikucoka m'khola.

Koma mnyamatayo anabwezera lenzi ya f/4, nakweza ISO, muyeso wa mmene sensa imamvera kuwala, kucokera pa 1600 kufika pa 3200. Nthawi ya citseko inafupika cimodzimodzi. Mtengo wake unali timadontho tonga mcenga m'malo amdima a cithunzi, timene sindikadationa akadapanda kundilozera. Ife a nthawi ya filimu tiiwala zimenezi. Kale ukaika filimu ya 400 unali womangika nayo mpaka zithunzi 36 zithe. Lero usintha pa cithunzi ciliconse.

Cimene cinadula mlandu cinacitika tsiku lotsatira, ndipo sicinali m'chalichi. Amai anali pansi pa mtengo wa mango kusenda nsawa ndi adzukulu, akusimba nkhani ya mlamu wao amene anathawa mbuzi usiku poyesa kuti ndi fisi. Ndinayandikira ndi lenzi yolekeza pa 70. Kuti nkhope yao ioneke bwino ndinayenera kufika mamita anai kucokera pamene anakhala. Anandiona. Nkhani inathera pomwepo. Anakonza duku, nawongola msana, natseka pakamwa, ndipo m'kagalasi ka kamera ndinaona nkhope ija ya pa citupa ca atate, ndendende. Ndinabwerera m'nyumba mtima utalemera.

Patapita ola ndinatulukanso ndi lenzi ya 105, n'kukaima pafupi ndi nkhokwe, mamita asanu ndi limodzi. Nkhope inali yofanana kukula kwake ndi poyamba paja. Koma mamita awiri oonjezerawo anandicotsa m'bwalo la nkhani, ndipo amai sanasamale za ine konse. Ndinajambula zithunzi zisanu ndi ziwiri fisi uja asanasanduke mbuzi.

Ndinagula 24-105mm. Ndalama zotsalazo ndinaonjezerapo pang'ono n'kugula kalenzi kakang'ono ka 50mm f/1.8, kopanda zumu, kolemera magalamu 160 cabe, kamene kalowetsa kuwala pafupifupi kasanu kuposa f/4. Amene ajambula maukwati mlungu ndi mlungu kuti adyerepo, ndimuuza mosabisa kuti agule ya f/2.8, ndipo mnyamata wa mlongo wanga ali nayo yake pa cifukwa cimeneci. Ine sindili pa malonda. Ng'ombe ikali m'khola.

Kusankha kwanga kunali ndi msonkho wake. Ukwati unacitika mu Ogasiti, mwezi wa mphepo ndi fumbi, ndipo kusintha lenzi pabwalo ndiko kuitanira fumbi pa sensa. Pamene mkwati anali kulowa m'chalichi ndinali ndisanapeze mpata wobvala kalenzi ka 50, ndinaiwalanso kukweza ISO, ndipo zithunzi za kulowa kwa mwana wanga zinatuluka zosaoneka bwino, atsikana ovina ali ngati mitambo. Mwana wangayo anandikhululukira, ngakhale amai ake akali kuikumbutsa nkhaniyo.

Koma pa madyerero, mkamwini atagwada kupereka moni kwa agogo, wina ananena mau oseketsa, ndipo amai anaponya mutu kumbuyo naseka, dzanja lili pa phewa la mdzukulu wao. Ine ndinali patali, kumbuyo kwa azimai ophika, mphete ya lenzi ili pa 105.

Cithunzico ndinacitsukitsa ku Chipata, cacikulu, n'kucipacika pa cipupa. Amai ataciona anakhala nthawi yaitali akuciyang'ana. Kenaka anati, "Iwe mwanawe, anthu onse aja, iwe n'kundijambula pakamwa pali yasa, mano anga osowa ali poyera? Tenga makina ako undijambulenso bwinobwino." Anapita kukabvala citenje cao ca pa Sondo, nakhala pa mpando, manja pa maondo, nkhope gwa. Ndinawajambula. Nacenso cili pa cipupa, pambali pa cinzake, ndipo alendo akabwera amai amaloza cimeneco.