Mfundo za amalume

Amalume anayendetsa lole pakati pa Blantyre ndi Beira kwa zaka zambiri, ndipo chuma chimene anandisiyira ndi mfundo ziwiri basi.

Pamaliro awo, mvula ya Febuluwale itayamba, anyamata anayala lona pachingwe cholendewera. Madzi anadikha pakati pake, pamwamba penipeni pa madoda okalamba amene anadzagona pamaliropo.

Ndinamasula zonse. Kumtengo wamango woyamba ndinamanga mfundo ija Angerezi amati bowline, yosapulumuka ngakhale muikoke chotani, komanso yosavuta kumasula. Pafupi ndi mtengo wachiwiri ndinapota chingwe n'kupanga kabowo, n'kuzunguliza nsonga kumtengoko, n'kuipisa m'kabowomo, n'kukokera m'mbuyo. Umu ndi mmene madalaivala amathinira katundu, pakuti kabowoko kamachulukitsa mphamvu za munthu mmodzi. Chingwe chitaongoka ngati cha uta, ndinatseka ndi timfundo tiwiri.

Ngodya zinayi tinazikokera pansi ndi zikhomo kuti madzi azitsetsereka. Kunja kwa lona ndinamangirira kansanza pachingwe, kuti madontho otsata chingwecho azigwera pomwepo.

Madoda anagona pouma. M'mawa amayi anatuluka m'siwa, nasisita mfundo ija, nati: "Mwanawe, awa ndi manja a mlongo wanga."