Cosanenedwa Sicilembedwa

Ndifuna kukusimbirani za msonkhano wa pasukulu umene ndinapitako mokakamizidwa, ndi za kulakwa kumene ndinacita kumeneko popanda ngakhale kutsegula pakamwa.

Kwathu ndi ku Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, pamseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Apaulendo amatidziwa cifukwa ca kasupe wa madzi otentha. Koma mudzi wathu uli mkati, kutali ndi tala, ndipo sukulu ya pulaimale ya kumeneko ndi yaing'ono. M'caka ca 2022 ndinali nditatsiriza Giredi 12, ndipo ndinali kuthandiza amai kugulitsa tomato m'mbali mwa mseu. Atate anatisiya kale. Tsiku lina mlongo wanga, amene anali mu Giredi 6, anabwera ndi kakalata koitana makolo ku msonkhano. Amai anali kudwala mwendo, tsono anati, "Mwananga, upite ndiwe. Ukamvetsere bwino, udzandiuze."

Ndinanyinyirika. Kwa ine msonkhano wa PTA unali wa madoda ndi agogo, wokamba za njerwa ndi mcenga kufikira dzuwa litapendeka. Komabe ndinapita, ndipo ndinakhala kumbuyo kwenikweni, foni m'manja.

Tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango, abambo pamabenci, amai pamphasa. Tinayamba ndi pemphero. Mlembi anawerenga zimene zinapanganidwa pa msonkhano wapita, ndipo akumpando anafunsa ngati zinalembedwa bwino. Pamenepo ahedi anaimirira ndi kupereka lipoti lao.

Anatikumbutsa kuti kuyambira mu Januwale 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, pamodzi ndi ndalama za PTA ndi za mayeso. Maphunziro aulere a Giredi 1 mpaka 7 anayamba kale mu 2002, m'nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, koma makolo anali kusonkhabe tindalama tina. Tsopano zimenezo zinatha, ndipo ana amene anali atakhala kumudzi anabwerera mwaunyinji. Ahedi anaseka pang'ono nati, "Makolo anga, walira mvula walira matope. Ana abwera, koma pokhala palibe."

Anafotokozanso njira imene zinthu zimayendera, ndipo apa ndinayamba kumvetsera, pakuti sindinali kuidziwa. Sukulu iliyonse ya Boma ili pansi pa bungwe la maphunziro la m'boma, ndipo mlembi wa bungwelo ndiye amene timamucha DEBS. Mabungwe amenewa anabwera potsatira mfundo za maphunziro za mu 1996, zimene zinafuna kuti nkhani za sukulu zizigamulidwa pafupi ndi eni ake, osati ku Lusaka kokha. Kale ofesi yathu inali ya Chongwe, kufikira pamene Pulezidenti Michael Sata anapatula Rufunsa kukhala boma palokha. Malipoti a ahedi amapita ku ofesiyo: ciwerengero ca ana, ca aphunzitsi, ca madesiki ndi ca zimbudzi. Ndalama zimene Boma limapatsa sukulu ndi zogulira coko, mapepala ndi kukonzera tinthu tating'ono. Zomanga zazikulu zimapemphedwa ku thumba la CDF, limene caka cimeneco linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Koma pempho limayambira pansi. Makolo agwirizane, mlembi alembe, kalata ipite ku komiti ya citukuko ya wadi, ndipo kucokera kumeneko ipite ku komiti ya CDF.

Tsono funso la tsikulo linali lakuti: tipemphe ciani coyamba? Ena anati cipinda cophunziriramo, cifukwa ana a Giredi 1 anali kuphunzira panja. Ena anati nyumba ya mphunzitsi, cifukwa mphunzitsi wopanda nyumba sakhalitsa kumudzi. Anakangana kwa nthawi yaitali, ena m'Cisoli, ena m'Cinyanja, ndipo onse anali ndi mfundo zomveka.

Ine ndinali kudziwa cinthu cacitatu. Cimbudzi ca atsikana cinagwa ndi mvula, ndipo cimene cinatsala cinalibe citseko. Madzi anali kutali. Mlongo wanga anali atakula, ndipo mwezi uliwonse anali kukhala kunyumba masiku angapo, akuti mutu ukuwawa. Ndinamva amai akuuza azakhali cifukwa cake ceniceni, pamene iwo anali kuganiza kuti ndagona. Ndipo sanali yekha.

Akumpando anafunsa katatu, "Kodi pali wina ali ndi mau?" Mtima wanga unagunda. Koma ndinadzifunsa kuti, mnyamata wosakwatira angachule bwanji nkhani yotere pamaso pa amfumu ndi azimai? Adzati mwana wa uje alibe mwambo. Ndinayang'ana kumphasa, ndikuyembekeza kuti mai wina adzaimirira. Naonso anayang'ana pansi. Tinakweza manja, cipinda cophunziriramo cinapambana, ndipo tinatseka ndi pemphero.

Nditafika kunyumba amai anafunsa, "Nanga za cimbudzi anakambapo?" Ndinati iai. Iwo anati, "Iwenso sunanene?" Ndinakhala cete. Sanandikalipire. Anangopitiriza kusenda nyemba, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa kukalipa.

Temu yotsatira mlongo wanga anatsalira m'masamu. Tsiku lina anabisa yunifomu yake pansi pa mphasa nati sabwereranso kusukulu. Posakhalitsa wacibale wina anayamba kunena kuti mtsikana wokhala pakhomo ndi bwino apeze banja. Pamenepo ndinaona kumene kukhala cete kwanga kunali kutifikitsa.

Ndinapita kwa mlembi wa komiti, amene anali mphunzitsi, ndi kufunsa mwaukali pang'ono cifukwa cake sukulu siinali kusamala za atsikana. Iwo sanakwiye. Anatenga buku la misonkhano, analitsegula patsogolo panga nati, "Werenga wekha. Ine ndimalemba zimene makolo anena. Ahedi anachula za cimbudzi cogwa mu lipoti lao, koma pa msonkhano palibe kholo limene linati cimeneci cikhale coyamba. Iwe unalipo. Cosanenedwa sicilembedwa, ndipo cosalembedwa sicifika ku ofesi." Ndinaona dzina langa pa mndandanda wa opezekapo, lolembedwa ndi dzanja langa lomwe. Ndinacoka ndi manyazi.

Sabata imeneyo ku gulu lathu la acinyamata tinali kuphunzira Macitidwe a Atumwi mutu 6. Mumaidziwa nkhaniyo. Mpingo wa ku Yerusalemu utakula, amasiye ena anali kuiwalika pa kugawa cakudya ca tsiku ndi tsiku. Atumwi sanali anthu oipa, koma vutolo linakonzedwa pamene dandaulo linamveka. Anaitanitsa msonkhano, ndipo anthu anasankha amuna asanu ndi awiri kuti ayang'anire nchitoyo. Mmodzi wa iwo anali Stefano. Ndinadabwa kuona kuti Buku Lopatulika linasunga nkhani ya komiti yogawa cakudya, pamodzi ndi maina a osankhidwa. Ngati Mulungu sanaiyese nkhani yaing'ono, ine ndinali yani kuti ndipeputse msonkhano wa njerwa ndi mcenga?

Ndinaululira anzanga zonse. Mtsikana wina m'gulu lathu anati, "Ngati ucita manyazi, bwanji osapempha amai a cigwirizano kuti akanene ndiwo?" Nzeru imeneyo inali yapafupi, koma ine ndekha sindinaiganizire. Tinapita atatu kwa mai wina wacikulire wa mumpingo mwathu, amene ngakhale amfumu amawamvera. Anatimvetsera, napukusa mutu nati, "Ana anga, ifenso tinalakwa. Tinali kudikirana."

Pa msonkhano wotsatira maiwo anaimirira, anapepesa kwa amfumu, ndipo anakamba nkhaniyo mwaulemu koma mosabisa. Kunali zii. Kenaka mdala wina, amene anali patsogolo pa nkhani ya cipinda cija, anati, "Ndili ndi adzukulu aakazi pasukulu pano, koma palibe anandiuzapo." Akumpando anafunsa ngati pali wovomereza mfundoyo. Ndinakweza dzanja, miyendo ikunjenjemera, ndipo ndinati, "Ndivomereza, akumpando. Ndiponso ife acinyamata tidzakumba dzenje." Ndi mau okhawo amene ndinanena, koma analembedwa.

Pempho la cipinda linali litapita kale, ndipo silinasinthidwe. Kunena zoona, cipindaco cinali cofunikadi. Koma makolo anagwirizana kuti sitingadikire. Mudzi uliwonse unaumba njerwa zake. Ife acinyamata tinakumba dzenje, ndipo Loweruka lililonse tinali kugwira maganyu m'minda kuti tipeze za simenti ndi malata. Kalipentala wa mumpingo mwathu anakhoma zitseko popanda malipiro. Azimai anaikamo ndowa yokhala ndi civundikiro, ndipo anagawana masiku otunga madzi. Ahedi analembera ofesi ya DEBS za nchitoyo, ndipo makolo analemba pempho lina la mjigo.

Sicinali cimbudzi cokongola, koma cinali ndi citseko cotsekeka mkati. Mlongo wanga anabwereza kalasi, ndipo caka cimeneco anacitaya cifukwa ca ine ndi ena amene tinakhala cete. Koma anabwerera kusukulu, ndipo nkhani ya banja ija inazilala. Atsikana ena awiri a m'kalasi mwake sanabwerere. Ndimakumana nao pamseu, ndipo sindinganene kuti mtima wanga umakhala pa mtendere.

Anzanga, ambiri a ife timalera abale athu, kapena timatumidwa m'malo mwa makolo odwala ndi agogo okalamba. Kakalata ka kusukulu kakabwera, musakapinde ndi kukaika m'thumba. Musanapite, funsani ang'ono anu cimene cimawavuta kusukulu, ndipo funsani alongo anu kudzera mwa amai kapena azakhali. Mukafika, khalani pamalo pamene akumpando angakuoneni. Mvetserani pamene mlembi awerenga za msonkhano wapita, ndipo ngati cina casiyidwa, cikumbutseni mwaulemu. Ngati nkhani ndi yolemera pakamwa panu, pezani wamkulu woti akaisenze, inu mukaivomereze. Mwambo wathu sutiletsa kuthandiza mwana; umangotiphunzitsa njira yonenera.

Kucokera nthawi imeneyo sindinaphonyepo msonkhano wa makolo. Ndi wautali ndithu, ndipo timakambabe za njerwa ndi mcenga. Koma akumpando akafunsa ngati pali wina ali ndi mau, ndimayamba ndayang'ana kumphasa, ndi kukumbukira yunifomu ija imene ndinaipeza yobisidwa. Ambuye atipatse kulimba mtima kwa kunena zoona pa nthawi yake.