Masamu a ulendo wozungulira dziko lapansi

Anthu a m'maboma a m'malire muno ulendo amaudziwa. Makolo ankapita ku Joni ndi ku Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo m'zaka za nkhondo midzi yathunthu idasenza akatundu kuwolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, n'kudzabwerako mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992. Koma pa maulendo onsewa munthu ankabwerera njira yomwe adapitira. Tsono kuli ulendo wa mtundu wina umene makampani a ndege amagulitsa pa tikiti imodzi, woti munthu amachoka kwawo kulowera kumadzulo, osatembenuka, mpaka kudzatulukira kum'mawa, n'kufika pakhomo pake pomwe. Aphunzitsi ena opuma pa ntchito a m'boma la Angónia adaika mtima wawo pa tikiti imeneyi m'chaka cha 2025.

Bambowa adaphunzitsa zaka zambiri m'sukulu zopanda mapu. Akafika pa phunziro loti dziko ndi lobulungira ankabwera ndi dzungu m'kalasi, n'kulemba maiko ndi khala pa chikhungwa chake. Ana ankakonda kumva za Fernão de Magalhães, Mpwitikizi amene adanyamuka ku Spain mu 1519 ndi zombo 5, iye n'kukafera ku Philippines mu 1521, ndipo chombo chimodzi chokha, Victoria, ndicho chidabwerera mu 1522 ndi anthu 18. Aphunzitsiwo ankaisimba nkhaniyi ngati adali m'chombomo, chonsecho nyanja yamchere adaiona kawiri kokha, ku Beira.

Ana awo atatu adabalalika. Woyamba ndi namwino ku Lisboa. Awiri enawo adatengedwa ndi malasha. Pamene kampani ya ku Brasil ya Vale idatsegula mgodi ku Moatize mu 2011, ndipo makampani a ku Australia adali kukumba ku Benga, wachiwiri adakwatiwa ndi mnyamata wa ku São Paulo amene ankagwira ntchito kumgodiko, pomwe chitsirizira adaphunzira kukonza magalimoto akuluakulu a mumgodi n'kukapeza ntchito ku Perth. Adzukulu 5 abadwira kunjako, ndipo agogo awo amangowaona pa foni. Tsiku lina aphunzitsi ataika chala pa mizinda itatuyo adaona kuti yakhala ngati mikanda pa ulusi umodzi: Lisboa, São Paulo, Perth, kenaka kwawo. Adaimbira mwana woyamba uja nati, "Mwana wanga, ine ndi amako tikufuna tikuyendereni nonse pa ulendo umodzi. Tafufuza mtengo wake."

Mwanayo sadaseke. Adayankha kuti, "Ababa, tikiti yotero ilipo, koma ili ndi malamulo ake. Tengani kope ndi pensulo." Ndipo kwa milungu ingapo, madzulo alionse, bambo ndi mwana ankawerengera pa foni.

Chinthu choyamba chimene adalemba m'kopemo n'chakuti palibe kampani imodzi ya ndege imene ingamufikitse munthu kulikonse. Makampani adapangana m'magulu, ndipo magulu akuluakulu alipo atatu: Star Alliance limene lidayamba mu 1997, oneworld la mu 1999 ndi SkyTeam la mu 2000. Wogula tikiti yozungulira dziko amagula ku gulu limodzi, ndipo amakwera ndege za makampani a m'gulu lomwelo basi. Mu Star Alliance muli TAP ya ku Portugal, Ethiopian Airlines ndi South African Airways. Mu oneworld muli Qatar Airways ndi Qantas ya ku Australia. LAM siili m'gulu lililonse, motero ndege yochoka pa bwalo la Chingodzi ku Tete kupita ku Maputo munthu amagula payokha, monganso amalipira payekha chapa chochoka ku Ulongwe.

Malamulo enawo aphunzitsi adawakonda chifukwa adafanana ndi dzungu lawo lija. Ulendo uyambire ndi kuthera m'dziko limodzi. Munthu asankhe kulowera kum'mawa kapena kumadzulo, ndipo awoloke nyanja ya Atlantic kamodzi, ya Pacific kamodzi. Ndege zokwera zisapitirire 16, ndipo zonse zithe chaka chisanathe. Kusintha tsiku lonyamukira pamalo pena sikuvuta kwenikweni, koma kusintha njira kumalipiritsa. Lamulo limene lidawaopsa amayi a m'nyumba ndi lakuti munthu akaphonya ndege imodzi osadziwitsa kampani, ulendo wonse wotsala ukhoza kufafanizidwa.

Za mtengo, magulu awiriwa amawerengera mosiyana. Tikiti ya oneworld Explorer amaiwerengera pa makontinenti amene munthu wapondamo, kuyambira 3 mpaka 6, ngakhale ayende mtunda wautali bwanji. Ya Star Alliance amaiwerengera pa mamailosi, ndipo mailo imodzi ndi makilomita 1.6. Ili ndi masitepe, monga 29,000, 34,000 ndi 39,000, ndipo wodumpha sitepe imodzi ndi mailo imodzi yokha amalipira mtengo wa sitepe yotsatira. Ngakhale mtunda umene munthu wayenda pansi pa basi, kuchoka pa bwalo lina kukakwerera pa lina, amauwerengera pamodzi. Dziko lapansi pamimba pake ndi mamailosi pafupifupi 24,900, kapena kuti makilomita 40,075, choncho aphunzitsi adaganiza kuti sitepe yoyamba iwakwanira ndi kutsalako.

Apa ndi pamene masamu adayamba kuwawa. Kuchoka ku Maputo kupita ku Lisboa pa TAP ndi mamailosi 5,200 ndi kanthu, ulendo wa maola pafupifupi 11. Kuchoka ku Lisboa kuwoloka Atlantic kupita ku São Paulo ndi 4,900. Kuchoka ku Perth kudza ku Johannesburg pa South African Airways ndi pafupifupi 5,200, ndipo kachidutswa ka Johannesburg ndi Maputo sikafika 300. Vuto lidali pakati pa São Paulo ndi Perth. Njira yachidule yowoloka Pacific kumwera ndi ya ku Santiago, ku Chile, kukafika ku Sydney, koma ndege za njirayi ndi za Qantas ndi LATAM, zimene sizili mu Star Alliance. Kuti akhalebe m'gulu limodzi adayenera kukwera kumpoto mpaka ku Houston, ku America, kenaka kutsikanso kumwera mpaka ku Auckland, ku New Zealand, ndiyeno Perth. Atawonkhetsa zonse adapeza mamailosi oposa 31,000. Sitepe yoyamba idali itadumphidwa kale.

Adayesanso njira zina. Kwa munthu wa ku Angónia bwalo la ndege la ku Lilongwe lili pafupi kwambiri kuposa la ku Maputo, kumene pa msewu kuchokera ku Tete ndi makilomita oposa 1,500, ndipo Ethiopian Airlines imatera ku Lilongweko. Mwana wa ku Lisboa adawauzanso kuti tikiti yomweyo imasiyana mtengo malingana ndi dziko limene ulendo wayambira, motero ndi bwino kufunsa mitengo iwiri. Koma kuyambira ku Lilongwe kudatanthauza kudzera ku Addis Ababa ndi kusintha ndege kangapo asanaone Lisboa. Mbali ya oneworld nayo idali ndi zokhota zake, poti yochoka ku Maputo imayamba yalowera ku Doha. Kulikonse kumene adatembenukira, mtengo wa munthu mmodzi udali madola masauzande angapo, ndipo oyenda adali awiri.

Chimene chidawasangalatsa aphunzitsi pa masamu onsewa ndi tsiku lotayika. Pakati pa nyanja ya Pacific pali mzere pamene tsiku limasinthira, ndipo wolowera kumadzulo amalumpha tsiku lathunthu. Ndege yonyamuka ku Houston Lolemba usiku imafika ku Auckland Lachitatu m'mawa, Lachiwiri osalilawa n'komwe. Ndi zomwe zidawachitikira a m'chombo cha Victoria atafika ku Cabo Verde mu 1522: mwa kuwerenga kwawo lidali Lachitatu, koma eni dziko adawauza kuti ndi Lachinayi. Bambowa adaphunzitsa zimenezi zaka zonse, ndipo adafunitsitsa kuti tsikulo liwasowe iwo eni ake.

Komabe mtengo wolembedwa pa tikiti si ndiwo mtengo wa ulendo. Mwini pasipoti ya Mozambique amalowa ku Malawi ndi ku South Africa popanda viza, koma ku Portugal, ku Brasil ndi ku Australia viza imafunika. Ku America imafunika ngakhale kwa munthu wongosintha ndege pabwalo, osatuluka panja. Viza ya maiko a ku Ulaya monga Portugal idakwera kufika mayuro 90 mu 2024, ndipo amafunanso inshuwalansi ya kuchipatala yokwana mayuro 30,000. Ya alendo ya ku America idafika madola 185 mu 2023, wopempha amakaonekera yekha ku ofesi ya kazembe ku Maputo, ndipo akakanizidwa ndalamazo sizibwezedwa. Pamwamba pa izo pali pasipoti imene iyenera kukhala ndi miyezi 6 yotsala, kabuku kachikasu ka katemera wa yellow fever kamene amafunsa kwa wochokera ku Brasil, malo ogona ku Maputo podikira mapepala, ndi chakudya cha m'mabwalo a ndege chimene mbale imodzi imadya ndalama ya ndiwo za mlungu wathunthu. Mwana uja adawachenjeza kuti, "Ababa, viza imodzi yokha ikakanika tikiti titagula kale, mkanda wonse waduka."

Nyengo nayo idafuna malo m'kopemo. Munda sudikira mwini wake. Kuchoka mu Novembala ndiye kuti chimanga ndi kachewere zadzalidwa ndi ena, ndiponso Disembala ku Lisboa ndi mwezi wa chisanu choposa cha ku Tsangano. Kuchoka mu Juni, zokolola zitalowa m'nkhokwe, ndiye kuti ku Lisboa n'kotentha koma ku Perth n'kozizira ndi mvula. Ulendo wozungulira dziko sulola munthu kunyamula zovala za nyengo imodzi, pomwe sikelo ya pa bwalo la ndege siimvera zodandaula.

Nthawi yonseyi amayi a m'nyumba ankangomvetsera akusenda nyemba. Ndalama zinkayenera kuchokera ku ana atatuwo, ndi ku ng'ombe zimene banjali lidazisonkhanitsa pang'onopang'ono chibwerere ku Malawi. Usiku wina adafunsa kuti, "Abambo, ku Houston kuli mwana wathu uti? Nanga ku Auckland?" Aphunzitsi adati kumeneko n'kongodutsa. Amayiwo adati, "Ndiye tigulitse ng'ombe zokokera ngolo kuti tikadutse kumene kulibe wathu, kumene Chipwitikizi chathu sakachimva? Tikasochera pa bwalo la ndege tikafunsa yani?" Aphunzitsi sadayankhe usiku umenewo, ndipo kope lidakhala masiku atatu osatsegulidwa.

Atalitsegulanso adayambira kumapeto. Adalemba kaye maina a anthu ofunika kuwaona, kenaka maviza amene angathe kupeza, ndipo tikiti adaiika pomalizira. Pamenepo mwana wa ku Lisboa adawaonetsa tikiti ya mtundu wina, ya malo angapo koma yosazungulira dziko: Maputo, Lisboa, São Paulo, ndiye kuwolokanso Atlantic kumwera kubwera ku Johannesburg, popeza South African Airways idayambanso kuuluka pakati pa Brasil ndi South Africa mu 2023. Mtunda wake udali mamailosi 15,000 ndi kanthu, theka la ulendo woyamba uja. Maviza adatsala awiri, ndipo maiko onse awiri ndi olankhula Chipwitikizi. Wa ku Perth adati iye ndi banja lake abwera okha kumudzi pa tchuthi cha Disembala, poti kuchoka kwawoko kufika ku Johannesburg ndi ndege imodzi, ndiponso nthawi idali itakwana yoti ana ake aone manda a makolo.

Sikuti tikiti yozungulira dziko ndi yachinyengo ayi. Kwa munthu amene ali ndi miyezi yambiri, malo ambiri otsikira, ndi pasipoti imene zipata zimaitsegukira msanga, imatsika mtengo kuposa kugula zidutswazidutswa, ndipo kampani imodzi ikachedwetsa ndege, inzake ya m'gulu imamulandira. Koma wa malo atatu okha amalipira mtunda umene sakuufuna. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Amene ana ake akumuitana kunja afunse mitengo ya njira ziwiri kapena zitatu, aonetsetse kuti misonkho ya m'mabwalo yawerengedwa, asapereke ndalama kwa munthu wopanda ofesi yodziwika, ndipo asagule tikiti yosabwezeka viza isanatuluke.

Aphunzitsi ndi akazi awo adanyamuka zokolola zitatha, ndipo ng'ombe imodzi yokha ndiyo idagulitsidwa. Ku Lisboa adakhala milungu itatu, ku São Paulo inayi. Nyanja ya Pacific sadaione, ndipo Lachiwiri lawo lidakalipo. Anthu akawafunsa pa msika wa ku Ulongwe ngati dziko lidazungulidwa, amaseka n'kunena kuti mbali yotsalayo adaisiyira mdzukulu wa ku Perth, amene pobwera kumudzi adawoloka nyanja ya India ali ndi zaka 4 zokha, n'kugona njira yonse.