Dontho Limodzi la Mafuta

Mumzinda wa Liverpool, ku England, muli mkulu wina wosunga kasitima koseweretsa, koyenda ndi magetsi odzera m'njanji zake. Kasitimako ndi ka Hornby Dublo, mtundu umene unayamba kupangidwa m'chaka cha 1938. Atate ake anamsiyira chuma chokhachi.

Tsiku lina, pakumva magudumu alikulira, mkuluyo anathira mafuta ambiri. Mafutawo anatsikira panjanji, fumbi linakakamira, magetsi analephera kudutsa, ndipo kasitima kanaima mdzukulu wake akupenya.

Anachezera usiku kupukuta magudumu ndi njanji, kufikira kasitima kanayendanso. Chiyambire tsikulo amatapa dontho limodzi lokha ndi nsonga ya singano, nalidontheza pamagiya ndi pozungulira magudumu. Mdzukuluyo, amene adzalandira kasitimako, waphunzira kuti mafuta ochuluka aononga monga kusowa kwake.