Indiketa ya Kale Inkalankhula

Njinga yamoto ya kale inali ndi mawu awiri. Oyamba anali a injini, aja ankamveka mlangizi akadali kutsidya kwa dambo, ana n'kuyamba kuthamangira kumsewu akukuwa kuti mthuthuthu wabwera. Achiwiri anali aang'ono, omveka kwa mwini njinga yekha ndi amene wakwezedwa kumbuyo: thi, thi, thi, kuchokera pansi pa mpando, nthawi iliyonse chala chikakankha swichi ya indiketa. Mawu achiwiriwa akutha masiku ano, ndipo ine zimandikhudza.

Kwathu ku Malawi, m'zaka za m'ma 1980 mpaka m'ma 1990, njinga yamoto sinali ya aliyense. Inali ya mlangizi wa zaulimi, ya wazaumoyo woyendera masikelo a ana, ya bambo mfumu a ku parishi, ya woyendera masukulu. Zambiri zinali za ku Japan: Yamaha AG100 ndi DT125, Honda XL125 ndi CG125. CG125 imeneyi kampani ya Honda inaitulutsa mu 1975 itaona mmene anthu a m'mayiko ngati athu amayendetsera njinga, kusenzetsa katundu wopyola muyezo, mafuta a injini kuda bii osasintha. Anaipanga yopirira nkhanza, ndipo inapiriradi.

Koma magetsi ake anali ofooka, tisabise. Zoyambazo zinali za 6V, batire lake laling'ono lokwana m'dzanja limodzi, lofuna kuthiridwa madzi pafupipafupi. Injini ikamalira pang'onopang'ono pamphambano, indiketa inkafiira ngati ikufuna kufa, kuphethira kwake kwaulesi, ndipo nthawi zina inkangoyaka n'kuima pomwepo mpaka mwini njinga apotokole mafuta. Masana dzuwa lili paliwombo, munthu sukanaiona uli patali. N'chifukwa chake madala onse a nthawi imeneyo ankatulutsanso mkono pokhota. Dzanja linali indiketa yodalirika, nyale inali yongothandizira.

Chomwe chinkaphethiritsa nyale ndi kachitini kozungulira, kotalika ngati chala chachikulu, komwe amakaniko amati fulasha. Mkati mwake munalibe chodabwitsa: kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana zomatidwa pamodzi. Magetsi opita ku mababu ankadutsa pamenepo n'kukatenthetsa. Popeza chitsulo chimodzi chimafutukuka msanga kuposa chinzake, kachitsuloko kankapindika n'kudula magetsi, babu n'kuzima. Kakazizira kankawongoka, n'kugundanso, babu n'kuyaka. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata amakudziwa kulira kwa denga dzuwa likayamba kutentha m'mawa. Thi, thi uja anali chimodzimodzi, chitsulo chikumva kutentha ndi kuzizira.

Nzeru yaikulu ya kachitinika inali apa: kankafuna katundu wokwana kuti kagwire ntchito. Mababu awiri a mawati 10 pa njinga ya 6V amakoka ma amp oposa 3, ndipo fulasha ankaipanga moyerekezera ndi mlingo umenewo. Babu limodzi likapsa, magetsi odutsa ankachepa ndi theka, kachitsulo kaja sikankatentha mokwanira, kaphethiridwe n'kusintha kapena kuimiratu. Mwini njinga ankadziwa nthawi yomweyo, osatsika, osacheuka, kuti kumbuyo kwafa nyale. Khutu linkamva, diso linkaona pa kanyale ka kutsogolo. Njinga inkamuuza yokha.

Kuno ku Joni, ku Elsburg komwe ambiri a ife tinapeza zipinda za lendi, zakale ndi zatsopano zimakumana pa loboti imodzi. Katawuni aka n'kakale ndithu, makilomita pafupifupi 6 kuchokera pakati pa Germiston. Anakadula mu 1887 pa famu ya Klippoortjie, patangopita chaka golide atapezeka ku Witwatersrand, ndipo dzina linachokera kwa mwini malowo, F. C. Els. Agogo athu a Wenela anakumba m'migodi ya chigawo chino mpaka mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha amuna athu ambiri, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa ku migodi. Iwo akabwerera kumudzi ankatenga njinga yakapalasa, wailesi ndi sutikesi ya malata. Zidzukulu zawo zabwera pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo ambiri chuma chawo chonse ndi njinga yamoto yokhala ndi bokosi kumbuyo. Chiyambire kuno Uber Eats mu 2016 ndi Checkers Sixty60 mu 2019, anyamata operekera zakudya ndi magolosale adzaza misewu kuyambira ku Wadeville mpaka ku Boksburg, pa ma Boxer, ma Big Boy ndi ma Honda Ace.

M'magalaja a nyumba zakale za kuno mulinso njinga zina, zofundidwa mabulangete: BSA, Triumph, Norton, BMW, Honda CB750, Yamaha XT500. Eni ake ndi madala opuma pa ntchito za njanji ndi za m'mafakitale, ndipo amazitulutsa Lamlungu m'mawa zikunyezimira. Ku Germiston kuli gulu lawo la Classic Motorcycle Club, lomwe kwa zaka zambiri linkachititsa chionetsero cha 1000 Bike Show pa bwalo la Germiston High School. Ena mwa iwo amakwera nawo ulendo wa DJ Run, wokumbukira mpikisano wa pakati pa Durban ndi Johannesburg womwe unkachitika kuyambira 1913 mpaka 1936. Njinga za ulendo umenewo zinabadwa indiketa isanafike pa njinga yamoto, ndiye mkono ndi womwe umagwirabe ntchito.

Vuto n'lakuti msewu wa lero si wa nthawi imene njingazi zinkapangidwa. Mathiraki a ku Wadeville, matekisi oima paliponse, magalimoto otuluka pa msewu wa N17 ali pa liwiro, mvula ya mabingu ya masana m'chilimwe, utsi ndi nkhungu ya m'mawa mu June, maloboti akufa magetsi akathima. Pamalo otere, indiketa yofiira mofooka ija ndi ngozi. Choncho madala a ma Triumph ndi anyamata ogula CG125 yakale pa mtengo wotsika onse afika pa ganizo limodzi: kuchotsa mababu n'kuika ma LED.

Ine sinditsutsa. LED ndi chinthu chabwino. Yoyamba yowala mofiira inapangidwa mu 1962 ndi Nick Holonyak ku General Electric, ndipo asayansi atatu obadwira ku Japan omwe anapanga yabuluu, yomwe inatsegula njira ya nyale zoyera, analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Pa njinga, LED imadya wati imodzi kapena awiri pamene babu linkadya 10 kapena 21. Ilibe kawaya kopyapyala koduka ndi mabampu, imayaka nthawi yomweyo mosachita kuyamba yafiira, ndipo batire laling'ono lija limapuma. Amene anakankhapo njinga m'mawa wa chisanu batire litatha amadziwa phindu lake.

Koma njinga yakale silandira mlendo ameneyu mosavuta. Loweruka lina ndinali kwa mkulu wina wa kwathu amene amakonza njinga kuseri kwa nyumba imene amachita lendi, kunabwera mnyamata akukankha CG125 yofiira, thanki yake yosuluka ndi dzuwa.

"Amalume, ndagula ma LED dzulo, ndaika ndekha. Akuyaka bwinobwino koma sakuphethira. Andigulitsa akufa?"

Mkuluyo sanayankhe msanga. Anatsegula chivundikiro cha m'mbali, n'kupisa zala kuseri kwa batire, n'kutulutsa kachitini kadzimbiri kolendewera pa kalabala kong'aluka. Anakaika m'dzanja la mnyamatayo.

"Nyale zako zili bwino, mphwanga. Mkulu uyu ndi amene sakumva kanthu. Anazolowera kusenza katundu wolemera, iwe wamupatsa wopepuka."

N'zoonadi. Magetsi amene ma LED awiri amakoka ndi ochepa kwambiri moti kachitsulo kaja sikatentha n'komwe, ndiye nyale imangoyaka phee. Pa njinga zatsopanoko, zokhala ndi fulasha yoyeza katundu, zimachitika mosiyana: fulasha imaganiza kuti babu lapsa, n'kuyamba kuphethira mothamanga kwambiri. Zonse ziwiri n'zolakwika pamsewu, chifukwa mlingo wovomerezeka m'mayiko ambiri ndi kuphethira ka 60 mpaka 120 pa mphindi imodzi.

Njira zokonzera zilipo ziwiri, ndipo imodzi ndimadana nayo. Ena amamangirira resistor pa nyale iliyonse, kawirikawiri ya ma ohm 6 yolembedwa 50W, kuti fulasha yakale iziona ngati babu likadalipo. Zimagwira ntchito, inde. Koma resistor imeneyo pa 12V imakoka ma amp 2 n'kuwasandutsa kutentha kokhakokha, moti ikakhudza pulasitiki kapena waya imasungunula. Magetsi amene umafuna kupulumutsa wawataya onse, batire likuvutika monga kale, ndipo wadula mawaya a njinga m'malo anayi. Njira yabwino ndi kugula fulasha yamakono yosadalira katundu, ya mapini awiri, imodzi yolembedwa B yochokera ku batire, ina L yopita ku nyale. Imalowa pomwe panali yakale, osadula waya ngakhale mmodzi. Chofunika n'kuonetsetsa kuti ndi ya 6V kapena 12V malinga ndi njinga, ndipo ma LED nawonso chimodzimodzi, pakuti a 12V pa njinga ya 6V amangonyezimira pang'ono kapena osayaka n'komwe.

Mnyamata uja ataika fulasha yatsopano anasangalala, koma mwachidule. Atakankha swichi kumanzere, nyale zonse zinayi zinayamba kuphethira pamodzi. Apa ndi pamene amakaniko achinyamata ambiri amagwira mutu. Njinga zambiri zakale zili ndi kanyale kamodzi kokha pa mita kosonyeza kuti indiketa yayatsidwa, ndipo anakalumikiza pakati pa waya wa kumanzere ndi wa kumanja. Ukayatsa kumanzere, timagetsi tochepa timadutsa m'kanyaleko n'kukatulukira ku mababu a kumanja. Kale timagetsi timeneti sitinkakwana kuyatsa babu lalikulu, ndiye palibe ankadziwa. LED imayaka ndi kochepa komweko. Mkulu uja anatulutsa ma diode awiri m'kabotolo ka mankhwala, tinthu takuda tokhala ndi kamzere kotuwa kumapeto, tomwe timalola magetsi kupita mbali imodzi yokha. Anawotcherera imodzi ku waya wa kumanzere, ina ku wa kumanja, zonse zikuloza ku kanyale kaja, waya wina wa kanyaleko n'kuumangira ku fulemu. Ntchito ya ndalama zosakwana mtengo wa buledi.

Palinso zina zofunika kudziwa. Babu lakale silinkasankha mbali, koma ma LED ambiri amafuna positive ndi negative zikhale m'malo mwake. Njinga za ku Britain zambiri, za magetsi a Lucas, zinamangira positive ku fulemu, mosiyana ndi za ku Japan, ndiye madala a ma BSA amayenera kufuna ma LED ndi fulasha zogwirizana ndi zimenezo. Galasi la indiketa likakhala lachikasu, LED nayo ikhale yachikasu. Yoyera kuseri kwa galasi lotero imatuluka yotumbuluka. Ndipo mavuto ambiri amene anthu amanamizira LED amakhala a dzimbiri pa waya wa earth, pomwe nyale imagwirana ndi fulemu. Kupala pamenepo ndi sandipepa kumachiza zambiri.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pa kusintha konseku, chenjezo lija latayika. Fulasha yamakono ilibe nazo ntchito kuti nyale zilipo ziwiri, imodzi, kapena yatsala ya pa mita yokha. Imangophethira pa liwiro lake lomwelo, ndipo zambiri sizilira n'komwe. Mnyamata akhoza kuyenda sabata yathunthu indiketa ya kumbuyo itafa, kanyale ka kutsogolo kakumunamiza kuti zonse zili bwino, iye n'kumakhota molimba mtima kutsogolo kwa thiraki. Ndipo ma LED otchipa amafadi, madzi akalowa kapena waya akaduka pansi pa bokosi lija. Popanda kulira, anthu amaiwalanso kuzimitsa akakhota. Imani pa loboti iliyonse ya kuno madzulo muone njinga zingati zikudutsa molunjika indiketa ikuphethira kumanzere. Woyendetsa galimoto akaikhulupirira n'kulowa mumsewu, wovulala ndi wa pa njinga. Kwathu n'chimodzimodzi, pakati pa anyamata a kabaza a ku Lilongwe ndi Blantyre, kumene ena amakongoletsa njinga ndi timagetsi tobiriwira ndi tabuluu pamene indiketa yeniyeni inathyoka kalekale. Alangizi aja, ndi nyale zawo zofooka, ankasamala kwambiri za amene ali kumbuyo kwawo kuposa mmene tikuchitira ife okhala ndi nyale zowala.

Tsono achimwene anga a pa njinga, kuno ku Joni ndi kumudzi komwe, ikani ma LED, ndi abwino. Gulani fulasha yoyenera, musadule mawaya a njinga yakale, ndipo kachitini kaja ndi mababu ake musataye, sungani, mwina wodzagula njingayo adzafuna kuibwezera mwakale. Ngati fulasha yanu silira, onjezani kachipangizo kakang'ono kolira kuti muzikumbukira kuzimitsa. Pokhota pamalo oopsa tulutsaninso mkono. Ndipo m'mawa uliwonse, musanatuluke pageti, yatsani kumanzere muzungulire njinga, yatsani kumanja muzungulirenso, muone ndi maso anu kuti nyale zonse zinayi zikuphethira.