Sayansi Imalowa M'mutu Kudzera M'manja

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimaona kuti mwambi umenewu umanena za phunziro la sayansi. Munthu angathe kuloweza tsamba lonse la buku nakhoza mayeso a pa teremu, koma ngati sadayesepo ndi manja ake n'kudikira kuti aone chotsatira, zimene walowezazo sizikhalitsa.

Ife kuno ku seminale tili ndi mwayi wolowa mu labotale. Mlongo wanga, yemwe ali Fomu 3 pa sukulu ina yoyendera kwathu ku Ntcheu, mwayi umenewu alibe. Mu 1998 boma lidasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala ma CDSS, ndipo ambiri mwa iwo adayamba opanda labotale. Komatu mayeso a MSCE ochokera ku MANEB ndi amodzi kwa tonse, ndipo pepala la pulakitiko silifunsa kuti kwanu kuli zipangizo kapena ayi. N'chifukwa chake pa tchuthi chapitachi ndidaganiza zosandutsa khichini ya amayi kukhala labotale yathu.

Tidayamba ndi mbatatesi ziwiri za ku Tsangano. Imodzi tidaiphika, inayo tidaisiya yaiwisi. Zonse tidazisenda, tidaziboola pakati ngati kachikho osabzola pansi, tidathiramo mchere, kenaka tidaziimika m'mbale ya madzi pang'ono. Patapita maola atatu, m'kachikho ka yaiwisi ija mudadzaza madzi, pomwe yophikayo idangonyowa pang'ono. Mlongo wanga adati, "Achimwene, kodi osmosis ija ndi imeneyi?" Ndidamuuza kuti ndi yomweyo. Madzi amachoka kumene kuli mchere wochepa n'kupita kumene kuli wambiri, kudutsa pa kakhungu kopyapyala ka maselo amoyo. Moto udaononga kakhungu ka mbatatesi yophika ija, motero sikadathenso kugwira ntchito yake.

Abambo, amene ankamvetsera akusema mpini, adaseka nati tsopano amvetsa chifukwa chake feteleza wothira pafupi kwambiri ndi phesi amawotcha chimanga. Ndi zoona: feteleza wochuluka pa mizu amakoka madzi kuchokera m'mbewu, monga momwe mchere udachitira.

Tsiku lotsatira tidawiritsa chidede mpaka madzi adafiira, ndipo tidawagawa m'mabotolo atatu. M'loyamba tidafinyiramo ndimu, madzi adafiira mowala. M'lachiwiri tidathiramo chidulo chimene amayi adacheza kuti aphikire thelere, madzi adasanduka obiriwira. Lachitatu tidalisiya momwemo kuti tifanizirepo. Madzi a ndimu ndi asidi, pH yake ili pafupi ndi 2. Chidulo ndi alikali, pH yake imapyola 7. Titadontheza ndimu pang'onopang'ono m'botolo lobiriwira lija, kufiira kudabwerera. Mlongo wanga adaona ndi maso ake momwe asidi ndi alikali zimathetserana mphamvu, nkhani imene adangoikopera pa bolodi. Amayi adati, "Ndiye kuti ine ndakhala ndikuchita sayansi zaka zonsezi osadziwa?" Tonse tidavomera.

Maganizo amenewa si achilendo m'Malawi muno. Kuyambira mu 2004, pulogalamu ya SMASSE, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, idayamba kusula aphunzitsi a masamu ndi sayansi kuti ana azigwira ndi kuyesa okha, ngakhale ndi zinthu zopezeka pamudzi. Tikudziwanso za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene mu 2002 adapanga makina a magetsi oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi mbali za njinga, atawerenga buku la m'laibulale.

Komabe tisadzinamize. Mbatatesi ndi chidede sizingalowe m'malo mwa maikulosikopu, sikelo kapena byureti. Mwana amene akukagwira byureti koyamba tsiku la mayeso, manja amanjenjemera ndipo nthawi imamuthera akadali kufunafuna poyambira. Zoyesa zina, monga zofuna asidi wamphamvu, n'zoopsa ndipo siziyenera kuchitikira pakhomo popanda mphunzitsi. Khichini ingotsegula maso, koma labotale yeniyeni ikufunikabe.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu makolo, mwana akakupemphani mbatatesi ziwiri ndi mchere pang'ono, musamuyese wosakaza chakudya. Inu ansembe athu, amene mumakhala m'makomiti a sukulu za m'maparishi, kumbukirani labotale pamene mukukambirana za chitukuko, ndipo kumene ilipo kale, ganizirani zoitsegulira ana a sukulu zoyandikana tsiku Loweruka. Ndipo ife aseminale anzanga, zimene taziona kuno tisazitsekere m'sutikesi tikapita ku tchuthi. Kwathu kuli azing'ono athu ndi alongo athu amene adzalemba mayeso omwewo amene ife tidzalembe. Mutu umodzi susenza denga.