Thanki Yapansi Isamadzaze

M'chaka cha 2023, bambo wina wa ku Ulongwe ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Durban. Abwana ake ankaweta nsomba ndi makorali a m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi, m'madzi okhala ndi mchere wokwana magalamu 35 pa lita imodzi. Madziwo atayamba kuda, anamuuza kuti apange thanki yosefera pansi pake.

Bamboyo anatenga thanki yakale naigawa zipinda zitatu ndi magalasi omata ndi silikoni. Madzi ankatsika ndi paipi, kudutsa m'sefa, kenaka pampu inkawabweza kumwamba.

Usiku wina magetsi anathima, monga zinkachitikira kawirikawiri ku Joni chaka chimenecho. Pampu itaima, madzi anabwerera pansi kudzera m'paipi yake nasefukira m'chipinda monse. Tulo sanatione, poganiza za ana kumudzi ndi ndalama ya feteleza.

M'mawa sananamizire magetsi ayi. Anati, "Bwana, ndalakwa ndine, ndinadzaza kwambiri thanki yapansi." Anapungula madziwo, naboola kabowo pa paipi pafupi ndi pamwamba pa madzi, kuti mpweya ukalowa madzi azileka kutsika.

Magetsi atathimanso, pansi panali pouma, ndipo ntchito inapulumuka.